Matumba Ovala Chipewa

"Ndiye mukudikira kuti afere panjira kuti mukhulupirire?" anafunsa alamu ake a Telala ataima pakhomo, khasu lili paphewa. Sanalowe, sanaperekenso moni.

Telala anachotsa phazi pa chopondera makina. Kumbuyo kwake, pampando, amuna ake aNgolo anali kulimbana ndi jombo. Phazi linali litalowa theka, koma dzanja silinkafika pansi kuti akoke, ndiye anangochita ngati akuyang'ana kanthu pakhoma.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Adzuka bwino ndi okhala pamthunzi. Tamuonani mlongo wangayu. Munthu wolephera kuvala nsapato akanyamula chiyani?"

Telala anayankha motsitsa mawu kuti iye sanatume munthu kukanyamula katundu, ndipo kuti sabata yonse wakhala akuwachonderera kuti apume. Alamu akewo anati iwo sakunena za pakamwa, akunena za singano. Analoza ndi mpini mulu wa matumba umene unali pakona.

Dziko lawolo linali lopendekeka. Minda inali pamwamba pa madenga, ndipo nkhuku ikathawira kumunsi mwini wake ankayamba waganiza kaye ngati ili yoyenera kuitsatira. Kunkazizira, ndipo mbewu imene inkakondako inali mbatatesi basi. Msewu unkathera pamlatho, kumunsi kwenikweni, ulendo wa maola awiri kwa munthu wopanda katundu. Kuchoka m'minda kukafika pamlathopo chilichonse chinkayenda pamsana pa munthu. Mwini lole ankagula pa thumba, onyamula ankawalipiranso pa thumba, ndipo sikelo inali isanakwerepo phirilo. Chaka china mwini loleyo anabwera ndi nzeru yodula matumba akale n'kuwasokerera kukamwa kwa atsopano kuti atalike. Anthu anachitcha chipewa. Poyamba chinali chikhatho chimodzi, anthu n'kumangoseka. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Chaka chimenechi chipewa chinali chitafika mkono wathunthu, moti thumba lodzaza likaima linkamufika munthu m'khosi, mtengo uli womwewo. Wosoka zipewazo m'dera lonselo anali Telala.

"Njovu silemedwa ndi minyanga yake, achemwali," anatero aNgolo pofuna kuziziritsa nkhani. Dzina loti aNgolo anawapatsa ndi anzawo chifukwa kale ankatsika ndi thumba akuimba mluzu.

"Minyangayo ndi yako? Ndi ya mwini lole. Iwe wangobwereketsa msana."

Alamuwo anachoka. ANgolo anayesanso kuwerama, mpweya n'kuwathawa. Telala anagwada n'kuwakokera jomboyo, kenaka inzake. Manja ake anachita zimenezi mwachizolowezi, koma pamene ankadzuka anamva manyazi, chifukwa anali atawatuma ndithu ndi singano yake.

Makina osokerawo sanali ake. Anali a achimwene ake, amene anali maso ndi pakamwa pa mwini lole kuphiriko, ndipo aliyense ankawatcha aKapitawo. Ndiwo anamulera makolo atamwalira, ndiwo anamutumiza kukaphunzira kusoka, ndipo chiyambire Telala anali asanawayankhepo mawu awiri otsatizana. Masana a tsiku lomwelo anafika ndi mtolo wa matumba akale n'kunena kuti bwana akufuna chipewa chiwonjezeredwe chikhatho china, chifukwa mafuta a galimoto akwera.

"Achimwene, alamu anutu msana sukuwayendera bwino."

"Alamu anga ndi chitsulo amene aja. Iwe fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ona makina, za panjira usiyire amuna."

Anawonjezera, akupukuta fumbi pa makinawo ndi chala, kuti kumsika wa kutsidya kwa mlatho kuli mtsikana wina amene wakhala akuwapempha makina omwewa. Sanakalipe. Anangonena ngati nkhani ya nyengo. Telala anatenga sizasi n'kuwonjezera chikhathocho.

Patapita masiku anayi, aNgolo anaiwala lamba wansalu amene ankamanga m'chiuno akamanyamula. Telala anamupeza pamsomali dzuwa litakwera kale, ndipo anaganiza zowatsatira. Ngakhale anabadwira komweko, njira ya onyamula sankaidziwa bwino, popeza akazi popita kumsika ankadzera yozungulira, yodutsa kuchitsime. Matumba ankawadziwa ali opanda kanthu, opepuka, opindika bwino pamwendo.

Onyamula anawapeza pamene njira imatsika ngati makwerero, phompho lili kudzanja lamanja. Amuna ankatsika chammbali, phazi limodzi likafufuza kaye pamwala lisanaponde, chipewa cha thumba chitapitirira mutu n'kumawakankhira kutsogolo. Panalibe woyankhula. Kunkangomveka mpweya ndi timiyala togubuduka. Pansi pake panali thanthwe lotulirapo, ndipo ena anali atatsamiritsa matumba awo pamenepo.

"Afika eni ake a msoko," anatero mmodzi, wa mano otalikirana, akupukuta thukuta ndi malaya. "Mayi, dzanja lanu ndi lodala. Msoko wanu suphwasuka. Thumba limakafika lamoyo, ofa ndife."

Anzake anaseka, Telala nayenso anayesa kuseka. Anayandikira thumba limodzi n'kulikankha ndi manja awiri kuti angolisuntha. Linali ngati lamera mizu. Pamaso pake penipeni panali msoko wake, mizere iwiri yowongoka bwino, imene ankainyadira akamaionetsa kwa achimwene ake.

Amuna ake anawapeza kuseri kwa thanthwelo atagona chammbali, chisoti chili kumaso. Anati akungopuma, ndipo anamufunsa chimene wasiyira nyumba yokha. Koma pamene anzawo ananyamuka, iwo anayesa kudzuka n'kubwerera pansi. Anayesanso, mwendo wakumanzere n'kukana. Onyamulawo anatula katundu wawo, anadula mitengo iwiri, n'kuilowetsa m'matumba opanda kanthu kupanga machira.

Kuchipatala cha kutsidya kwa mlatho anakhalako masiku atatu. Adokotala anauza Telala poyera, amuna ake akumva, kuti msanawo ukhoza kupola ngati aupatsa mpata, koma akadzangosenzanso katundu wotere miyendo idzawasiya. ANgolo anafunsa ngati theka la thumba lili m'gulu la katundu wotere. Adokotalawo sanaseke.

Atawabweretsa kunyumba, Telala anawayalira mphasa pafupi ndi khomo kuti aziona kunja. Makina anali pomwepo, ndipo mulu wa matumba unali ukudikira, chifukwa kukumba kunali kutafika pachimake. Akaponda chopondera, aNgolo ankatembenukira kukhoma. Telala ankamva ngati singano ikulowa mwa iwo. Kukana achimwene ake sankatha. Ndiye anapeza njira ya anthu amantha. Anatenga ulusi wakale umene unagwidwa ndi chinyezi, anatalikitsa misoko, n'kusoka mzere umodzi m'malo mwa iwiri. Mumtima ankati zipewazo zikaphwasukira kumunda podzaza, mbatatesi zidzangogwera pansi, anthu adzatola, ndipo mwini lole adzaona yekha kuti zipewa zazitali sizigwira.

Kumunda sizinaphwasuke. Zinapirira podzaza, zinapirira pomanga, zinapirira mtunda wonse wa pamwamba. Zinakaphwasukira pamakwerero paja, pamene thumba limagwedezeka kwambiri. Matumba atatu anatseguka tsiku limodzi, mbatatesi n'kutsetserekera kuphompho ngati matalala. Wa mano otalikirana uja katundu atamupepukira mwadzidzidzi anapepesuka, ndipo chimene chinamupulumutsa ndi muzu umene anaugwira. Mwini lole ankalipira zokhazo zimene zafika pamlatho. Matumba atatuwo anali a alamu ake a Telala.

Anabwera madzulo dzuwa lisanalowe, ndipo ulendo uno sanaime pakhomo. Anakhala pakhonde, miyendo atatambasula, zikhatho zili pamaondo. Anati munda wa pamwamba uja anaulima okha, manyowa anasenza okha pamutu, ndipo tsopano adyetsa anyani a kuphompho. Anati sakumvetsa, popeza msoko wa mulamu wawo sunaphwasukepo chiyambire. Ankayankhula mofatsa, ndipo kufatsako kunamupweteka Telala kuposa kukalipa kwa tsiku lija.

"Ndinachita dala, alamu," anatero, maso ali pansi. Anafotokoza zonse, za ulusi wovunda ndi za mzere umodzi.

Alamu akewo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Munthu akafuna kukana amakana ndi pakamwa pake. Inu mwakana ndi mbatatesi zanga."

"Ndinaopa achimwene."

"Ndiye munaona kuti bola agwe mwana wa eni ake kuphompho kusiyana n'kuti aKapitawo akwinye nkhope?"

M'nyumba aNgolo anatsokomola, n'kunena kuti madzi akatayika saoleka, koma mbatatesi zimaoleka. M'mawa mwake akazi awiriwo anatsikira kuphompho ndi madengu, akugwira udzu ndi mizu. Zambiri zinali zitasweka pamiyala. Anatola zimene akanatha, osayankhulana, kufikira pamene Telala anaterereka n'kukhala pansi m'matope, dengu lili m'manja osataya ngakhale imodzi. Alamu ake anati akanakhala wosamala chonchi ndi matumba a anthu bwenzi onse ali kunyumba akumwa tiyi. Anamupatsa dzanja n'kumudzutsa.

Tsiku lotsatira Telala anatulutsa mulu wonse wa matumba n'kuuika pakhonde, poonekera aliyense wodutsa. Anatenga lezala n'kuyamba kusomola zipewa, chimodzichimodzi. Matumba ankaika kumanja, zipewa kumanzere. Anadzicheka chala kawiri. Onyamula amene ankakwera kukatenga matumba a tsikulo anaima pabwalo n'kumaonerera. Panalibe amene anamufunsa. Mmodzi anakhala pansi n'kutulutsa kampeni kake.

AKapitawo anafika ntchito itapitirira theka.

"Ukuchita chiyani iwe?"

"Ndikuvula zipewa, achimwene."

"Wakutuma ndani?"

"Palibe. Matumba aja anaphwasuka chifukwa cha ine, ndinasoka mwachinyengo. Sindidzachitanso. Koma chipewanso sindisoka. Matumba wamba, zigamba, chilichonse mungandipatse ndisoka. Chipewa ayi."

Mawuwo anatuluka ang'onoang'ono, koma anatuluka onse. Achimwene akewo anayamba ndi kuseka. Kenaka anamukumbutsa amene anamulera, amene anamugulira nsapato yake yoyamba, amene anamuika pamakina anthu ena akusenza manyowa. Anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Telala anavomera zonse, anati palibe chimene waiwala, ndipo anapitiriza kusomola.

"Alamu," anaitana aKapitawo molunjika m'nyumba, "mukungomuyang'ana mkazi wanu akutaya chakudya cha pakhomo pano?"

"Ndikanadzuka kuti ndimuletse, alamu," anayankha aNgolo ali pamphasa, "koma mukuona nokha."

Pabwalo wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. AKapitawo analowa m'nyumba n'kulamula amuna awiri kuti anyamule makinawo apite nawo kumlatho. Amunawo anayang'anana. Wa mano otalikirana anati iye msana wake wayamba kumva mawu a adokotala ngakhale sanapiteko. Winayo anati amanyamula mbatatesi, za zitsulo sanaphunzire. AKapitawo anayesa kukoka makinawo ndi tebulo lake lomwe, n'kufika nawo pakhomo pokha. Pamapeto pake anamasula mutu wa makinawo, anaukulunga m'thumba, n'kuuika paphewa. Anatsika osatsanzika, ndipo m'nyumba munatsala tebulo la bowo pakati.

Telala analowa n'kukhala pampando wake wosokera, phazi n'kupita lokha pa chopondera. Gudumu linazungulira popanda chosoka. Apa ndi pamene analira, mwakachetechete, kuti a pabwalo asamve. ANgolo anatambasula dzanja n'kumugwira chidendene, poti ndi pokhapo pamene ankafikira.

Lole inadikira pamlatho masiku atatu. AKapitawo anayesa kusoketsa zipewa pamanja, koma zinkaphwasuka thumba lisanachoke m'munda. Anatumiza matumba kwa mtsikana wa kumsika uja, ndipo atabwera nawo anapeza kuti palibe wofuna kuwasenza. Panalibe msonkhano umene unachitika, panalibenso amene analemba kalata. Kungoti aliyense amene anafunsidwa anali ndi chifukwa chake: wina mwendo, wina maliro a kutali, wina anati mkazi wake walota zoipa. Alimi nawonso, alamu ake a Telala ali patsogolo, anati mbatatesi zawo zikhoza kudikira m'nthaka sabata ina. Mwini lole ndiye sakanadikira. Mitambo inali itayamba kusonkhana kumapiri a kum'mawa, ndipo mvula yoyamba ikangogwa msewu wa kumunsi unkasanduka phala mwezi wathunthu. Nyengo imeneyo mbatatesi sizinkapezeka kwina kulikonse koma kumtunda kozizirako.

Tsiku lachinayi mwini lole anakwera yekha. Anali munthu wochepa thupi, waulemu, wa nsapato zosayenera njira imeneyo, ndipo zaka zonse zimene anagula mbatatesi za m'deralo anali asanaonepo munda umene zimachokera. Anafika pabwalo la Telala milomo itauma, anapempha madzi, n'kukhala pa ndowa yovundikira. Anthu anasonkhana. Iye anayankhula bwino ndithu, za mafuta, za matayala, za misonkho ya m'misika ya m'tauni. Anati iye sanadziwe kuti njira ndi yotere.

"Mukanafunsa msana wa mlongo wanga ukanakuuzani," anatero alamu ake a Telala. "Uli m'nyumbamu, sunapite kutali."

Mwini loleyo anasuzumira pakhomo, anaona aNgolo pamphasa, n'kuwapatsa moni. Kenaka anafunsa kuti telala wake ndi uti, ndipo anthu atamuloza anati amupatsa makina akeake, atsopano, ngati angasoke chipewa chachifupi, cha chikhatho chimodzi chokha ngati kale. Telala anamva maso onse ali pa iye, ndipo anaganiza za tebulo la bowo lija.

"Chinayambanso ndi chikhatho chimodzi, bwana," anatero.

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Mwini lole anatsitsako mtengo wa thumba, alimi anakana, anakwezako pang'ono, ndipo anakumana penapake pamene aliyense anachoka akudandaula koma osakwiya. Analonjezanso kuti chaka chamawa adzabwera ndi sikelo, anthu n'kuvomera mwaulemu monga amavomerera malonjezo a alendo. Chimene chinagwirika n'chakuti m'mawa mwake matumba anatsika opanda chipewa. Maulendo anachuluka, koma amuna ankafika pamlatho akutha kuyankhula, ndipo lole inanyamuka madontho oyamba akugwa.

Masabata atatu otsatira anali ovuta pakhomopo. Telala ankasoka zigamba pamanja, ntchito ya tsiku limodzi n'kumatenga masiku atatu. Alamu ake ankabwera ndi kadengu ka mbatatesi zoswekasweka zija, n'kumati abweretsa katundu wa eni ake. ANgolo anayamba kukhala tsonga, kenaka kuima atagwira khoma, kenaka kuyenda ndi ndodo mpaka kumunda wa pafupi, kumene ankakhala pampando n'kumasankhira anthu mbewu. Anapezeka kuti ali ndi diso lodziwa mbatatesi yodwala isanaonetse, ndipo alimi anayamba kuwaitana. Za kunyamula ankazitchulabe, koma Telala akawayang'ana ankasintha nkhani.

Tsiku lina m'mawa, mvula itakata, anaona munthu akukwera njira ya kumlatho pang'onopang'ono, akupuma pa mtengo uliwonse, kanthu kali paphewa. Anali achimwene ake. Anafika thukuta lili chuchuchu, matope mpaka m'maondo, n'kutula mtolo wawo pakhonde mosamala. Sanayang'ane mlongo wawo. Anati mtsikana wa kumsika uja sadziwa kuthira mafuta makina, awononga chinthu chabwino. Anatinso buluku lawo lang'ambika pathumba ndipo alibe womusokera.

Telala anawapatsa mpando ndi madzi, n'kuyamba kumasula mtolowo. AKapitawo ankadzisisita m'chiuno, nkhope itakwinyika.

"Kanthu kakang'ono ngati aka," anatero, "koma phiri lanuli."

"Kameneko sikafika ngakhale theka la thumba, alamu," anatero aNgolo. Anatsamira ndodo yawo, anadzuka okha, n'kusuntha kuti alamu awo akhale pamphasa. "Gonani chammbali, maondo mupinde. Ndikuphunzitsani, ine ndiye katswiri."

AKapitawo anazengereza, anayang'ana kunjira ngati kukubwera munthu, kenaka anagona.